Ndinabisa Mimba Kuntchito, Lero Mwana Wanga Samva

Inu owerenga, cholakwa chimene ndikuulula pano sichinanditengere ngakhale mphindi imodzi kuchichita. Akulu anga a kuntchito anafunsa funso, ine ndinaliyankha ndi nthabwala, anthu anaseka, tinabalalika. Sindinabe, sindinamenye munthu, sindinamwe mankhwala oipa. Koma chifukwa cha nthabwala imeneyo mwana wanga wamkazi akuvutika mpaka lero, ndipo panthawiyo anali kanthu kakang'ono ngati nyemba m'mimba mwanga. Ndalemba kuti akazi anzanga a m'zipatala, manesi, osesa, ochapa, ngakhale ogawa makadi pakhomo, asadzabwereze uchitsiru wangawu.

Ndine nesi pa kachipatala kena ka kumudzi kumbali ya Nyalugwe, m'boma la Nyimba. Dzina lake sinditchula chifukwa anthu a pamenepo sanalakwe chilichonse. Tilipo ochepa. Otiyang'anira ndi a Daka, bambo ofatsa a msinkhu wa atate anga. Pali nesi mnzanga wachikulire, amayi awiri osesa ndi kuchapa, ndiye ineyo. Lachiwiri lililonse ndi tsiku la sikelo ya amayi apakati, ndipo tsiku limenelo linali langa. Ndinkadziwika ndi pakamwa. Mayi akabwera koyamba mimba itakula kale ngati dzungu, ndinkamufunsa ngati ankadikira kuti mwanayo ayambe kuyenda m'mimbamo kuti adzabwere naye wapansi. Amayi ankaseka, wolakwayo n'kuphimba nkhope ndi chitenje. Ndinkawauza kuti mimba yobisa ndi imene imabweretsa maliro, ndipo ndinkanena ndi mtima wonse.

Amuna anga kwawo ndi ku Kalindawalo. Amalima thonje ndi mtedza, komanso amakonza njinga pansi pa mtengo pafupi ndi nyumba yathu ya kuchipatala. Mimba yathu yoyamba ndinailengeza ngati ndapambana mpikisano. Mwezi utangondidumpha ndinauza anzanga kuntchito, ndinauza a kwaya kutchalitchi, ndinaimbira mafoni mpaka ku Lusaka. Pa miyezi itatu ndinapita padera. Apongozi anga, mayi awo a amuna angawa, anakwera basi kubwera kudzandisamalira. Anandichapira nsalu zamagazi osanyinyirika, anandiphikira phala, anandisambitsa ngati mwana wobereka okha. Ndikunena zimenezi kuti musawaone ngati munthu woipa. Tsiku lobwerera kwawo anandikhazika pamphasa n'kundigwira dzanja.

“Mwana wangu, mimba siilengezedwa monga msonkhano wa feteleza. Anthu ali na maso. Ikabwela inangu mukhale chabe zii mpaka nikabwele na alangizi. Olo kunchito kwanu, osakamba.”

Monga nesi ndinkadziwa kuti mimba zambiri zimachoka zokha popanda dzanja la munthu. Koma munthu amene wataya mwana amagwira chilichonse chimene wapatsidwa. Ndinalonjeza.

Panapita zaka ziwiri ndisanaimenso. Nditaima, odziwa anali atatu: ine, amuna anga ndi apongozi. Nseru ndinkaibisa ndi mandimu m'thumba la yunifolomu. Akandiona ndikulavula kuseri kwa thanki ya madzi ndinkati ndi zilonda za m'mimba. Ndinkadzitama mumtima kuti ndine katswiri wosunga chinsinsi.

Inali nyengo yotentha kwambiri, mvula isanayambe, pamene ana a m'midzi yozungulira anayamba kubwera ndi tiziphuphu tofiira thupi lonse, thupi lotentha pang'ono, ena maso ofiira. Anayamba awiri, sabata yotsatira anachuluka. A Daka anatenga magazi a ena mwa iwo n'kuwatumiza kuboma kuti apite ku Lusaka akayezedwe. Anatulutsa makatoni m'kachipinda kosungira katundu kuti ana amenewa azionedwa mmenemo, kutali ndi odwala ena. Kenako m'mawa wina, pa msonkhano wathu wa pakhonde, analankhula akuyang'ana pansi chifukwa cha ulemu.

“Nthenda iyi tikalibe kuidziwa bwino. Ingakhale chikuku, ingakhale lubela. Ngati pali wamene ali na pakati, olo angoganizila chabe, aniuze manje, kapena anipeze mu ofesi payekha. Nizamuika kopatsila mankhwala, asayandikile ana aba.”

Inu owerenga, pa akazi anayi amene tinali pakhondepo, wa msinkhu wobereka ndinali ndekha. Funso lija linali langa, ndipo aliyense ankadziwa. M'mutu munabwera zinthu zitatu nthawi imodzi. Choyamba, lonjezo langa kwa apongozi. Chachiwiri, manyazi: ndiuze bwanji mwamuna, bambo wamkulu chonchi, nkhani imene alangizi sanaitsegule? Chachitatu, mmodzi wa amayi osesa aja ndi amene apongozi ankamukayikira pa mimba yoyamba, popanda chifukwa china koma kuti anandisisita pamimba akuseka. Ndiye ndinatsegula pakamwa panga potchuka paja.

“Bambo, pano kulibe. Tonse ndise nkhalamba, tinasiliza kubala kudala.”

Anthu anaseka. A Daka anandiyang'ana kamodzi, osaseka, kenako anapitiriza nkhani ya mafuta a mufiriji ya katemera. Ofesi yawo inali yotsegula tsiku lonse. Ndinadutsa pakhomo pake kangapo, sindinalowe.

Kwa amene simukuidziwa, rubela ndi nthenda yofanana ndi chikuku koma yopepuka. Mwana amadwala masiku atatu, n'kudzuka kukasewera. Kuopsa kwake kuli kwa mwana wosabadwa, makamaka mayi akaitenga m'miyezi itatu yoyambirira, pamene maso, makutu ndi mtima zikuumbika. Zimenezi ndinaziphunzira kusukulu ya unesi, ndinalemba mayeso n'kukhoza. Katemera wake alipo, ndipo ndi manja angawa ndabaya ana osawerengeka. Koma ife tili ana katemera ameneyu kunalibe kwathu kuno, ndipo pa zaka ziwiri zonse zimene ndinkafunafuna mimba sindinaganizepo zofunsa ngati ineyo ndili wotetezeka. Ndinangodziuza kuti nthenda ya anawo ndi chikuku wamba, chimene ndinadwala kale ndili wamng'ono, ndipo ndikavala masiki palibe chingachitike.

Kachipinda kaja kanali ka malata opanda siling'i, zenera limodzi laling'ono. Pofika masana munkatentha ngati mu uvuni wa njerwa. Masiki inkanyowa ndi thukuta n'kumamatira pamphuno, ndipo ndi nseru yanga ija ndinkamva ngati ndikomoka. Masiku oyamba ndinapirira. Tsiku lachitatu anabwera ndi kamtsikana ka zaka zinayi kamene kankaopa munthu aliyense wophimba nkhope. Kanalira, kanaluma supuni, kanataya mankhwala kawiri. Agogo ake anali atatopa, panja pali mzere. Ndinatsitsa masiki mpaka pachibwano kuti kaone kuti ndine munthu, ndinakamwetulira, ndinakaimbira kanyimbo. Kanatsegula pakamwa, kanameza, kenako kanatsokomola pankhope panga penipeni. Ndinapukuta ndi mkono wa yunifolomu n'kuitana wotsatira. Ndipo poti njirayo inathandiza, ndinaibwereza kwa ana ena masiku otsatira.

Patapita masabata awiri ndi theka ndinadzuka zala zikuphwanya ngati ndachapa mabulangete tsiku lonse. Posamba ndinakhudza kuseri kwa makutu, ndinapeza timabulu tolimba, topweteka. Pagalasi ndinaona tiziphuphu tofiirira pamphumi ndi m'masaya, ndipo pofika madzulo tinali titatsikira pachifuwa. Amuna anga ndinawauza kuti ndi zotupa za kutentha. Ndinamwa panado, ndinadzola paudala wambiri, ndinavala juzi ya manja aatali dzuwa likuswa mtengo. Lachiwiri la sabata imeneyo ndinanamizira mutu, ndinapempha nesi mnzanga kuti aone amayi apakati m'malo mwanga. Ndimati ndikakumbukira zimenezi ndimachita manyazi kwambiri, chifukwa zikusonyeza kuti pansi pa mtima ndinkadziwa. Ndinateteza mimba za anthu ena, yanga ndinapitiriza kuibisa. Patatha masiku atatu tiziphuphu tinazimiririka, ndipo ndinadziuza kuti nkhani yatha.

Zotsatira za magazi a ana aja zinachedwa, zinafika mvula itayamba. A Daka anawerenga pepalalo pakhonde lomwe lija. Sichinali chikuku. Inali rubela. Anathokoza Mulungu kuti ana onse anachira, ndipo anati tiyambe kufunsa amayi a pa sikelo ngati wina anadwala tiziphuphu. Ndinanyamuka osatsanzika, ndinapita kunyumba, ndinakoka katoni ya mabuku anga a kusukulu pansi pa bedi. Ndinapeza tsambalo, lolembedwa ndi dzanja langa, ndi mzere wofiira pansi pake: maso, makutu, mtima, ubongo. Ndinawerenga masabata ndi zala kubwerera m'mbuyo. Ndinawerenganso kuyambira tsiku lina, kufuna kuti chiwerengero chisinthe. Sichinasinthe. Pamene ndinkadwala, mimba inali ya miyezi iwiri yokha.

Masana a tsiku lomwelo ndinalowa mu ofesi ija imene ndinaidutsa nthawi yonseyi. Ndinanena zonse nditaimirira. A Daka anavula magalasi n'kuwaika patebulo. Ndinkayembekezera kukalipiridwa, ndipo mwina zikanandipepukira.

“Mwana wanga, n'nafunsa. Nenze kufunika kufunsa bwanji kuti muniyankhe?”

Analemba kalata yonditumiza kuchipatala chachikulu ku Petauke, ndipo anandiuza kuti ndinyamuke mawa lake.

Kwa amuna anga ndinaulula madzulo amenewo, akuwongola gudumu la njinga ya munthu. Anasiya gudumu likuzungulira lokha mpaka linaima. Anati, “Koma amai anakamba kuti tisauze munthu,” ndipo mawuwo anawathera pakamwa. Sanandinyoze tsiku limenelo kapena tsiku lina lililonse. Anangoti tinabisa tonse, ndiye tidzanyamula tonse.

Ku Petauke ananditenga magazi. Patapita masabata, adokotala anandiuza kuti magaziwo akusonyeza kuti ndinadwaladi rubela chaposachedwa. Anandiunika pamimba ndi makina, ndinaona kamtima kakugunda, ndinalira. Ndinawafunsa ngati makutu ali bwino. Anandiyankha mokoma mtima kuti makinawo sangaone ngati mwana adzamva, ndiponso kuti palibe jekeseni kapena piritsi limene lingabweze zimene kachilombo kachita kale. Anandifotokozera njira zonse zimene zinalipo, kuphatikizapo imene sindinkafuna kuimva. Ine amene ndinataya kale mwana mmodzi ndinati uyu ndimusunga, abwere mmene abwerere. Koma musaganize kuti ndinanena molimba mtima. M'basi yobwerera ku Nyimba ndinasanza kawiri chifukwa cha mantha.

Miyezi imene inatsatira sindikuifunira munthu aliyense, ngakhale mdani wanga. Akazi ena mimba ikamakula amasangalala, amasoka timalaya. Ine tsiku lililonse linkandiyandikizitsa ku chinthu chimene ndinkachiopa. Mwana akagunda ndinkati ali moyo, kenako ndinkadzifunsa kuti ali moyo wotani. Ndinkatenga mbale yachitsulo, kuiika pamimba, n'kuimenya ndi supuni kuti ndione ngati adzidzimuka. Akasuntha ndinkagwada kuthokoza. Akapanda kusuntha ndinkamenyanso mpaka amuna anga anandilanda mbaleyo. Chakudya chinkandikanika, ndinaonda mimba ikukula. Pa sikelo Lachiwiri ndinasiya nthabwala. Mayi akabwera mochedwa ndinkangomulemba m'buku mwakachetechete, ndipo amayi anayamba kufunsana kuti anesi athu adwala chiyani.

Pa mwezi wachisanu apongozi anafika ndi alangizi awiri, monga analonjezera. Za nthenda ija anali asanadziwe kanthu. Analowa pabwalo akululuta, atanyamula nkhuku ndi chitenje chatsopano. Anandikhazika pamphasa m'nyumba, anatseka chitseko, nayamba kundilangiza: zoyenera kudya, zosayenera kudya, kagonedwe, kusanyamula zolemera, zonse zoti mwana abadwe wathunthu. Ine ndinkangogwedeza mutu, misozi ikugwera pa chitenje chatsopanocho, iwo n'kumati ndi misozi ya chimwemwe. Apongozi anandisisita pamsana monyadira.

“Mwaona, mwana wangu? Iyi yakhala chifukwa tinaisunga.”

Alangizi atatuluka ndinawauza. Poyamba sanamvetse kuti nthenda ya masiku atatu, imene sinandigonetse n'komwe, ingafike kwa mwana amene ali mkati. Ndinafotokoza kawiri. Ndinawauzanso za funso la a Daka ndi yankho langa. Kenako anati iwo ankaopa anthu, sanadziwe kuti kuchipatala kuli zinthu zina zoopa, ndipo bwenzi ndinawauza, poti wophunzira ndine. Mawu amenewo anandilasa chifukwa anali oona. Iwo anandipatsa lamulo malinga ndi zimene ankadziwa. Ine ndinkadziwa zambiri, ndipo foni inali m'thumba mwanga tsiku lonse lija. Ndikanawaimbira n'kunena kuti amayi, kuntchito kwabuka nthenda yoopsa kwa apakati, sindikukhulupirira kuti akanandiletsa.

Ndinakachirira ku Petauke nthawi yokolola. Anabadwa wamng'ono, wopepuka, koma analira. Azamba atandiuza kuti ndi mtsikana ndinangoti mundionetse maso ake. Atawatsegula ndinaona. Pakati pa diso lakumanzere panali poyera ngati dontho la mkaka, ndipo lakumanja linali ndi kachifunga. Adokotala a ana atamuika chomvera pachifuwa anakhala nthawi yaitali kuposa mmene amakhalira kwa ana ena, ndipo ine monga nesi ndinadziwa tanthauzo lake asanalankhule. Mtima unali ndi kabowo. Tinamutcha Taonga, kutanthauza kuti tathokoza, chifukwa ngakhale zinali choncho anafika wamoyo.

Panali chinanso chimene sindinachiyembekezere. Anatiuza kuti mwana wobadwa ndi nthendayi amakhala akutulutsa kachilomboko kwa miyezi yambiri, ndiye asayandikire mayi aliyense wapakati. Mng'ono wanga anali ndi mimba nthawi imeneyo. Anayenda ulendo wonse kuchokera kutauni ya Nyimba kudzaona mwana, ndipo ndinamuimitsa kumpanda. Ndinanyamula Taonga m'mwamba kuti amuone ali patali, iye akulira uko, ine ndikulira kuno. Kutchalitchi sindinapite naye pafupifupi chaka. Anthu a m'mudzi amene sankadziwa anati anesi ayamba kunyada, ena anati tikubisa chilema. Sindinawayankhe, chifukwa pa nkhani ya kubisa analibe bodza lalikulu.

Maso anamuchita opaleshoni ku Lusaka ali wakhanda. Kumupereka m'manja mwa anthu ovala zobiriwira, kathupi kosakwana ndi mkono wanga, n'kuona chitseko chikutsekeka, ndi mantha amene sindingathe kuwalemba. Mulungu anathandiza, akuona, ngakhale ndi magalasi okhuthala omangirira ndi lamba kumutu. Za mtima anati tiziyang'anira, mwina kabowoko kadzatsekeka, mwina adzafunika opaleshoni ina. Chotsala chinali makutu, ndipo apa ndinadzinamiza kwa miyezi. Ndinkaomba m'manja pafupi ndi mutu wake, iye n'kuphethira, ine n'kuthamangira kwa atate ake kuti wamva. Sindinkafuna kuvomereza kuti waphethira chifukwa cha mphepo ya m'manja mwanga. Apongozi, amene anasamukira kwathu kudzatithandiza, ankati ana ena amachedwa chabe.

Chimene chinathetsa bodza langa ndi mvula yoyamba ya chaka chimenecho. Anali masana, ndili pakhonde ndikuyamwitsa, Taonga ali ndi miyezi isanu ndi umodzi. Mphezi inagwa pa mtengo wa kuseri kwa chipatala. Kugunda kwake kunagwedeza malata, mbuzi zinabalalika, ana a m'nyumba yoyandikana anakuwa, ine ndemwe ndinafuula n'kugwetsa kapu. Nditayang'ana pamiyendo panga, mwana wanga ankangoyamwa mwamtendere, kadzanja kake kakusewera ndi batani la bulauzi yanga. Sanaphethire n'komwe. Ndinayang'ana apongozi, iwo anayang'ana kumbali. Ku Lusaka atamuyeza ndi makina anangotsimikiza zimene mphezi inatiuza kale: makutu onse awiri samva.

Lero Taonga ali ndi zaka zitatu. Ndi mwana wanzeru, wamakani, wokonda kutola masipoko pa ntchito ya atate ake. Tikuphunzira kulankhula ndi manja, tonse m'nyumba, ndipo amene akuphunzira msanga kuposa tonse ndi agogo ake. Ndimamukonda kuposa moyo wanga. Koma sindikunamizani kuti zonse zili bwino. Akangopuma mofulumira ndimathamangira chomvera pachifuwa. Ndikaganiza za sukulu, kuti ya ana osamva ili kutali ndipo adzayenera kukagonera komweko, mtima umandiwawa. Ndipo ndikudziwa kuti tsiku lina adzandifunsa ndi manja akewo kuti chinachitika n'chiyani, ndipo ndidzayenera kumuuza.

Ndiye akazi anzanga a m'zipatala, ndimvereni. Sindikukuuzani kuti mulengeze mimba pamsika kapena kuti munyoze akuluakulu a kwanu. Bisirani anthu a m'mudzi ngati mukufuna, bisirani a kwaya. Koma munthu amene amagawa ntchito pamalo panu muuzeni tsiku lomwe mwakayikira, ngakhale musanayeze. Ngati ndi mwamuna ndipo mukuchita manyazi, lembani kapepala mukasiye patebulo pake, kapena tumani mnzanu wachikulire. Iye ndi amene angakuchotseni m'chipinda cha ana a tiziphuphu, kwa odwala chifuwa chachikulu, pa ntchito yogwirizira odwala pojambula mafupa, pa kunyamula anthu olemera ndi kusakaniza mankhwala otsukira amphamvu aja. Sangakutetezeni pa chinthu chimene sakuchidziwa. Ngati simunaime koma mukufuna mwana, funsani za katemera wa rubela ndi wa nthenda ya chiwindi panopa, chifukwa wa rubela sabayidwa munthu ali kale ndi pakati. Masiki isatsike, kaya kutenthe bwanji, kaya mwana alire bwanji. Kulira kwake kutha pakapita mphindi zochepa. Ndipo mukabayidwa ndi singano yogwiritsa kale ntchito, kapena mukaona tiziphuphu ndi timabulu kuseri kwa makutu, nenani tsiku lomwelo. Musachite ngati ine wodzola paudala.

Inunso oyang'anira anzanu, musafunse funso lotere pagulu n'kukhutira ndi kuseka. Itanani mkazi aliyense payekha, kapena tumani mayi wachikulire akafunse. A Daka amachita choncho masiku ano, ngakhale sindinawaimbepo mlandu. Ndipo inu apongozi ndi alangizi, mukamapereka lamulo lokhala chete kwa mwana wogwira ntchito pakati pa odwala, muziwonjezera kuti kuntchito kokha akanene.

Mwezi watha, nthawi yogula thonje, ndinali kuyanika zovala masana pamene ndinaona kuti Taonga palibe pabwalo. Nditatembenuka ndinamuona pakati pa msewu wafumbi wodutsa kutsogolo kwa chipatala, atagwada, akutola kanthu, msana ataulozetsa kumene kunkachokera lole yodzaza mabelo a thonje. Woyendetsa ankaliza hutala mosalekeza, akuyembekezera kuti mwanayo athawa monga amathawira ana onse. Ndinathamanga ndikukuwa dzina lake. Ndikudziwa bwino lomwe kuti samva, koma ndinakuwa mpaka mawu anatha. Atate ake, amene anali pafupi, anadumpha njinga zimene ankakonza n'kumukoka ndi diresi, lole n'kuima pamalo pomwe anagwada. Woyendetsa anatsika akukalipa kuti mwana wotani wosamva hutala. Taonga anandiyang'ana kudzera m'magalasi ake odzaza fumbi, akudabwa kuti ndikuliriranji, ndipo anatambasula dzanja kundionetsa chimene anatola. Kanali kachitsekerero ka botolo.

Inu owerenga, ngati muli ndi pakati ndipo mawa m'mawa mukupita kukagwira ntchito pakati pa odwala, musayambe ntchitoyo musanalowe mu ofesi.